Kupeza njinga, ndodo ndi zipangizo zina za anthu aulumali mosaboola m'thumba kuno ku Harare

Amalume anga atadulidwa mwendo wa kumanzere chifukwa cha matenda a shuga, tinachita zimene mabanja ambiri amachita. Tinasonkha ndalama usiku umodzi, wina kutumiza pa EcoCash, wina kukongola kuntchito, ndipo kutacha tinathamangira m'tauni kukagula njinga yoyamba imene tinaiona pa sitolo ina. Inali yonyezimira, yopindika, ya timatayala tating'ono kutsogolo ngati zija amakankhira odwala m'makhonde a chipatala. Koma kwathu ku Mufakose msewu ndi wa maenje, ndipo pakhomo pali ngalande. Pasanathe miyezi inayi katayala kamodzi kanathyoka, nsalu ya pampando inalendewera ngati thumba, ndipo amalume anatuluka chilonda pokhalira chimene chinatidyera ndalama zoposa mtengo wa njingayo. Titabwerera kumene tinagula anatiuza kuti zitsulo zosinthira alibe.

Tsiku limenelo amalume anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mphwanga, mwandigulira mpando wa alendo, osati miyendo." Mawu amenewo sanandichoke m'mutu. Zimene ndikulemba panozi n'zimene ndinaphunzira pambuyo pake, ndipo ndikulembera achibale athu a ku Mbare, Highfield, Dzivarasekwa, Mabvuku, Epworth ndi kwina konse kumene Chichewa chimamveka m'nyumba.

Vutoli si lathu tokha. Mu 2022 mabungwe a WHO ndi UNICEF anaulula kuti anthu oposa 2.5 biliyoni padziko lapansi amafunika chipangizo chimodzi kapena zingapo zowathandiza kuyenda, kuona, kumva kapena kulankhula, ndipo pafupifupi 1 biliyoni mwa iwo alibe. Chomwe ine ndinaona ndi maso anga n'chakuti ndalama zambiri za mabanja osauka zimathera pa chipangizo cholakwika, chogulidwa mwaphuma, chosakonzeka chikawonongeka.

Poyamba, kapimitseni musanatulutse ndalama

Yambirani ku kiliniki ya khonsolo ya m'dera lanu, mupemphe kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu. Ku Parirenyatwa ndi ku Sally Mugabe, chimene akuluakulu ambiri amachitchabe Harare Hospital kapena kuti ku Gomo, kuli madipatimenti a afiziyo, amene amathandiza odwala kulimbitsa ndi kuwongola ziwalo, ndi anzawo ophunzitsa odwala kudzichitira okha ntchito za tsiku ndi tsiku. Ngati ndi mwana, ku Sally Mugabe kuli chipinda chapadera chotchedwa Children's Rehabilitation Unit. Ngati vuto ndi maso, pitani ku Sekuru Kaguvi, chipatala cha maso cha ku Parirenyatwa, chifukwa munthu wina amene banja likumufunira ndodo yoyera amakhala kuti ali ndi ng'ala yoti madokotala angathe kuichotsa.

Mukafika, musangolandira dzina la chipangizo n'kunyamuka. Tengani kope ndi cholembera, ndipo mufunse kuti akulembereni mtundu wake, miyeso yake ndi chifukwa chake. Auzeni za kunyumba mosabisa: kuti chimbudzi chili panja, kuti khomo ndi lopapatiza, kuti munthuyo amakwera kombi, kuti mvula ikagwa bwalo limasanduka matope. Ndipo mwiniwake wa chipangizocho akhalepo, alankhule yekha. Ife nthawi yoyamba ija tinasiya amalume kunyumba, tikuganiza kuti tikuwachitira chifundo. Safunsa anadya phula.

Kenaka, konzani mapepala

Apa ndi pamene ambiri a ife, adzukulu a anthu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'makhitchini a azungu, timakodwa. Thandizo la boma ndi la mabungwe limafuna chitupa, ndipo m'mabanja mwathu mudakali okalamba amene zitupa zawo zinalembedwa kuti ndi alendo, ndi ana opanda setifiketi yakubadwa. Malamulo aakulu a dziko a 2013, pa gawo 43, amati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC ndipo iye mwini ankakhala muno pa nthawiyo, ndi nzika yobadwira muno. Choncho pitani ku ofesi ya kalembera, monga ku Makombe Building, mukakonzetse chitupacho. Mizere yake ndi yaitali, koma chitupa chimenecho chimatsegula makomo ena onse.

Malamulo omwewo, pa gawo 83, amalamula boma kuchitapo kanthu, malinga ndi chuma chimene lili nacho, kuti anthu aulumali azidzidalira. Zimbabwe inavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2013, ndipo mu 2021 inakhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza ulumali. Ndikutchula izi kuti mukamalowa mu ofesi musalowe ngati wopemphetsa.

Ikani mu envelopu imodzi ya pulasitiki chitupa, kalata ya kuchipatala, miyeso, ndi makoteshoni a mtengo ochokera m'malo awiri kapena atatu. Chitani fotokope chilichonse, ndipo chenichenicho musachisiye m'manja mwa munthu. Ndi envelopu imeneyi pitani ku ofesi ya Social Welfare ya m'dera lanu. Funsani za pepala lotchedwa AMTO, limene limathandiza osauka kulandira chithandizo m'zipatala za boma, ndiponso funsani mmene mungalembetsere pa mndandanda wa ofuna zipangizo. Lembani tsiku limene mwapereka mapepala, ndipo muzibwererako. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kusakhale kukhala pansi kunyumba.

Gogodani pa makomo angapo nthawi imodzi

Musadikire yankho la malo amodzi. Bungwe la Jairos Jiri, limene linayamba ku Bulawayo mu 1950, lili ndi malo ake muno mu Harare, kuphatikizapo ku Southerton. Ku Milton Park kuli St Giles, ku Msasa kuli Danhiko, malo othandiza anthu aulumali, ndipo ku Ruwa kuli chipatala cha boma chothandiza anthu ovulala ndi ofa ziwalo. Osaona ali ndi Dorothy Duncan Centre, kumene kuli laibulale ya mabuku a Braille. Makolo a ana osamva angapeze uphungu ku sukulu ya Emerald Hill. Malowa sagawa zinthu tsiku lililonse, ndipo kwina muyenera kulipira, koma ogwira ntchito kumeneko amadziwa amene akupanga chiyani, amene walandira katundu mwezi uno, ndi mmisiri wodalirika. Wovulalira pa ntchito yolembedwa akafunse ku NSSA, bungwe la boma la penshoni ndi chipukuta misozi cha ovulala pa ntchito, asanagulitse katundu wa m'nyumba.

Kusankha njinga

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira. Funso loyamba kwa wogulitsa kapena wopereka likhale lakuti, "Tayala likaphulika ndikalipeza kuti?" Njinga yabwino kwa ife ndi imene matayala ake akumbuyo amalowa tayala ndi chubu cha njinga yapalasa wamba, za mainchesi 24 kapena 26, zimene wokonza njinga aliyense pansi pa mtengo angathe kumata. Kutsogolo funani tayala lalikulu ndi lonenepa. Pali njinga za matayala atatu, limodzi kutsogolo patali, zimene zimayenda bwino pa mchenga ndi pa miyala ngati ya ku Epworth, ngakhale zimavuta kukhota m'chipinda chopanikiza ndiponso kukweza m'kombi. Thupi lake likhale la chitsulo wamba choti wowotcherera angathe kulumikiza chikathyoka. Za aluminiyamu n'zopepuka, koma owotcherera ake ndi ochepa ndipo amadula.

Miyeso mungaiyese nokha kunyumba kuti mutsimikize zimene akukupatsani. Khazikani munthuyo pa benchi lolimba, msana uli chilili, mapazi atafika pansi. Ikani mabuku awiri olimba mbali ndi mbali ya chiuno, muyese mpata wa pakati pawo: kumeneko ndiko kutambalala kwa mpando. Njinga yotambalala kwambiri imapendeketsa msana ndipo manja amavutika kufikira matayala. Kenaka yesani kuchokera kumbuyo kwa thako kufika kuseri kwa bondo, muchotsepo masentimita 3 mpaka 5. Munthu akakhala panjingayo, zala ziwiri kapena zitatu zilowe pakati pa mapeto a mpando ndi kuseri kwa bondo. Popondera mapazi patalikire pansi ndi masentimita osachepera 5, ndipo ntchafu zigone bwino pa khushoni, maondo asaloze kumwamba.

Khushoni musaitenge ngati chokongoletsera. Kwa munthu amene samva kukhudza m'munsimu, kapena amene satha kudzisuntha yekha, khushoni ndiyo imamuteteza ku zilonda, ndipo zilonda zimenezi zimapha. Pilo wa pabedi sathandiza. Pamafunika siponji yolimba pansi, yosemedwa pang'ono pamene mafupa okhalira amafika, ndi siponji yofewa pamwamba. Afiziyo akakujambulirani kapangidwe kake, pitani kwa opanga masofa ku Glen View Area 8, amene amakhala ndi zidutswa za siponji zolimba mosiyanasiyana, akudulireni. Sokani zikuto ziwiri zosinthana pochapa, ndipo ngati munthuyo amavutika kusunga mkodzo, kutirani siponjiyo ndi pulasitiki yofewa mkati. Madzulo aliwonse yang'anani khungu. Malo ofiira kapena odera kuposa khungu lozungulira, amene sakusintha patatha mphindi 30 chichokereni pampando, ndi chenjezo: munthuyo asakhalirepo mpaka ataonedwa ndi achipatala.

Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa ngati miyeso ikugwirizana. Itembenuzeni, muyang'ane ming'alu molumikizira, muzungulitse matayala kuti muone ngati akuyenda mowongoka, muyese mabuleki. Khushoni yokha ndiyo musalandire yakale.

Ndodo ndi zosavuta. Ya m'khwapa isiye mpata wa zala ziwiri kapena zitatu pansi pa khwapa, ndipo chogwirira chifike pa mfundo ya dzanja munthu akaimirira manja ali pansi. Thupi lizitsamira pa manja, osati pa khwapa. Mphira wa kunsi ukatha usinthidwe msanga, pakuti ndodo yopanda mphira pa simenti yonyowa ndi ngozi.

Zimene amisiri athu angapange

Ku Magaba ndi ku Siyaso, ku Mbare, kuli amisiri amene angapange pafupifupi chilichonse cha chitsulo, malinga mutawapatsa chithunzi ndi miyeso. Ine ndinapita ndi pepala la afiziyo kwa wowotcherera wina wachikulire amene makolo ake anachokera ku Dedza. Analiyang'anitsitsa, n'kundifunsa kulemera kwa amalume, ndipo anati, "Achimwene, paipi yopyapyala ndi yotchipa, koma munthu wamkulu akaitsamira ikhota. Tiike yokhuthala." Anatipangira chogwirira cha m'chimbudzi, mpando wobowola pakati woika pamwamba pa chimbudzi, ndi zitsulo ziwiri zoyendera pabwalo pophunzira kuimirira ndi mwendo umodzi. Zinthu ngati zimenezi, pamodzi ndi thabwa losalala losamukira kuchoka pabedi kupita panjinga, palibe chifukwa chozigulira ku sitolo ya zachipatala. Potsetsereka pa khomo tinapanga tokha ndi njerwa ndi simenti. Lamulo lake n'lakuti pa sentimita imodzi iliyonse ya kutalika kwa sitepe, potsetserekapo patalike masentimita 12, apo ayi munthu sangakwere yekha.

Mwendo wopanga, nsapato zowongola phazi ndi zitsulo zomanga mwendo, izo zokha musapereke kwa mmisiri wa pamsika. Zimafuna ophunzira ntchito imeneyo, chifukwa zikalakwika pang'ono zimatupitsa ndi kuboola khungu, makamaka kwa wodwala shuga.

Pali luso lina limene ndimalinyadira chifukwa linabadwira m'dziko muno. M'zaka za m'ma 1970 bambo wina dzina lake Bevill Packer anayambitsa mu Zimbabwe njira yopangira mipando ndi matebulo olimba kuchokera ku makatoni, mapepala ndi phala la fulawa. Lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri popangira mipando ana amene anavulala ubongo pobadwa, amene satha kukhala tsonga okha. Mpando wotere wa ku sitolo ndi wodula kwambiri, ndipo mwana amaukula pasanathe nthawi. Mlongo wina wa kumpingo kwathu anapangira mdzukulu wake, ine ndikuthandizira, ndipo tinachita motere.

Tinatola makatoni akuluakulu olimba kwa ogulitsa mafiriji ndi ma TV. Phala tinapanga posungunula fulawa m'madzi ozizira pang'ono, kenaka kuthiramo madzi owira uku tikutakasa mpaka litakhala ngati phala la mwana lopanda mibulu. Tinamata makatoni atatu pamodzi, lapakati mizere yake itapingasa ya enawo, pakuti mphamvu yake yagona pamenepo. Tinawatsindika ndi njerwa pa simenti yosalala mpaka atauma gwa ngati thabwa, ndipo izi zimatenga masiku angapo, choncho ntchitoyi imayenda bwino m'chilimwe kusiyana ndi m'dzinja. Kenaka tinadula mbali ziwiri, pokhalira, potsamira ndi popondera molingana ndi miyeso imene afiziyo anamuyesa mwanayo, n'kuzilumikiza pomanga ndi timizere ta masokosi akale a nayiloni. M'mphepete monse ndi molumikizira tinamata timapepala ta matumba a simenti, tosanjikiza kangapo, kenaka thupi lonse. Utauma tinaupaka penti ndi vanishi kuti usalowe madzi.

Tsiku limene mtsikanayo anakhalapo koyamba, agogo ake anamuikira mbale ya nsima pa kathebulo ka kutsogolo. Mwana amene ankadyera chogona pamphasa, akutsamwa kawirikawiri, anadzutsa mutu n'kuona anzake akusewera pabwalo. Mpandowo musausiye pamvula kapena pansi ponyowa, ndipo mwana akakula, bwererani kwa afiziyo akamuyesenso, mupange wina.

Foni imene muli nayo kale

Musanagule makina apadera a munthu wosaona, tsegulani zimene zili kale m'foni. Mafoni a Android ali ndi TalkBack, a iPhone ali ndi VoiceOver, ndipo zonsezi zimawerenga mokweza zimene zili pagalasi popanda kulipira. Pa kompyuta ya Windows ikani NVDA, pulogalamu yaulere imene imagwira ntchito yofanana ndi ena ogulitsidwa modula. Mawu ake amatchula bwino Chingerezi koma Chichewa amachipotoza, n'chifukwa chake pa gulu la banja lathu la WhatsApp tinagwirizana kuti uthenga wofunika uzitumizidwa ndi mawu. Kwa woona pang'ono, kulitsani zilembo ndipo mumuphunzitse kukuza zolembedwa ndi kamera. Munthu wongoyamba kumene amafunika womukhalira pafupi kwa masabata angapo, chifukwa TalkBack ikayatsidwa foni imasintha kagwiridwe, ndipo ambiri amaitaya tsiku loyamba.

Makina othandiza kumva musagule pamsewu kapena pa Facebook musanapimitse makutu. Mwina ndi phula chabe ladzaza, mwina ndi mafinya ofuna mankhwala. Ndipo zambiri zotchipazo zimangokweza phokoso lonse, osasiyanitsa. Mukapeza makina oyenera, dziwani kuti ndalama zenizeni zili pa mabatire. Saizi yake imadziwika ndi mtundu wa kapepala komata: 10 n'kachikasu, 312 kabulauni, 13 kaolenji, 675 kabuluu. Batireyo imayamba kutha mukangomatula kapepalako, choncho musamatule isanafike nthawi. Usiku tsegulani kachitseko ka batire, ndipo makinawo muwasunge m'botolo lotseka bwino lokhala ndi timapaketi toyamwa chinyontho tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Ngati mukusankha otchaja, ganizirani za kuzimazima kwa magetsi a ZESA, mukhale ndi kasola kakang'ono. Mwana wosamva asadikire makina kuti ayambe kulankhulana ndi anthu: chinenero chamanja ndi chimodzi mwa zinenero 16 zovomerezeka m'dziko muno, pamodzi ndi Chichewa chathu, ndipo banja lonse lingachiphunzire.

Ndalama zotsalazo

Mutu umodzi susenza denga. Makolo athu atafika kuno anayambitsa mabungwe a maliro kuti mlendo asaikidwe ngati wopanda kwawo, ndipo mabungwewo alipobe m'mipingo ya CCAP, m'mizikiti ndi m'madera. Ine ndinaimirira pa msonkhano wa bungwe lathu n'kufunsa kuti, ngati timatha kugula bokosi tsiku limodzi, n'chifukwa chiyani munthu wamoyo akukwawa chaka chathunthu? Panali kukangana, koma tinagwirizana zopatula kandalama kochepa mwezi uliwonse m'thumba lapadera.

Ngati mukufuna kuchita chimodzimodzi, yambani ndi kalembera. Yendani m'nyumba za mamembala, mufunse zimene zili kuseri kwa wadirobu: ndodo za amene anachira, njinga za amene anatisiya. Zisonkhanitseni, zitsukidwe, zikonzedwe, zilembedwe manambala m'kope. Wobwereka asayine ndipo abweze akathana nazo, koma aliyense ayambe wayesedwa, chifukwa njinga ya agogo aamuna onenepa singakwane mtsikana wa zaka 12. Mabatire, machubu ndi mphira wa ndodo muzigula zambiri pamodzi kuti mtengo utsike. Chipereganyu, chimene anzathu Achishona amati mukando, chimathandiza pa chinthu chachikulu ngati mwendo wopanga. Achibale a ku Johannesburg kapena ku Lilongwe akafuna kuthandiza, atumizireni miyeso ndi kalata ya afiziyo, osangoti "tumizani njinga". Wa pa ntchito yodulidwa msonkho asunge malisiti onse, chifukwa ZIMRA, nthambi ya boma yotolera misonkho, imachotsera pa msonkho theka la ndalama zogulira zipangizo zotere za iye mwini, mkazi kapena mwamuna wake, kapena mwana wake.

Kusamala chimene mwapeza

Njinga yachiwiri ya amalume tinaipeza patatha miyezi ingapo ya kuyenda ndi envelopu ija, ndipo yatha zaka zitatu tsopano. Loweruka lililonse m'mawa amasamukira pa benchi, ine n'kuitembenuza njingayo. Ndimapukuta matope ndi kansanza konyowa, ndimachotsa tsitsi ndi ulusi zimene zimakulungika pa ekiselo ya tayala lakutsogolo, ndimapopa matayala mpaka chala chisalowe, pakuti tayala lofewa limalemetsa njinga ndipo mabuleki sagwira. Kamodzi pamwezi ndimakunga manati onse ndi sipanala, ndimadina masipoko awiriawiri kuti ndimve olefuka, ndi kudontheza oyilo mopindikira. Bering'i ikayamba kulira ndimaichotsa n'kupita nayo kwa ogulitsa zitsulo za magalimoto, chifukwa nambala yake imalembedwa m'mphepete ndipo yofanana nayo imapezeka motchipa. Pansi pa mpando tinamangirira kachikwama kokhala ndi pampu yaing'ono, zigamba, guluu ndi sipanala ziwiri, ndipo amalume anaphunzira kumata chubu okha. Khushoni timaisuzumira miyezi itatu iliyonse: ndimalowetsa dzanja pansi pa mafupa okhalira iwo atakhalapo, ndipo zala zikakanika kugwedezeka, ndiye kuti siponji yatha, ndi nthawi yopitanso ku Glen View.